Alimi Olipidwa Chifukwa Chogoneka Munda

Anzathu alimi, tonse timalidziwa tsala. Munda ukatopa timausiya kuti umere udzu, upume. Palibe amene amatilipira. Koma ku America kuli alimi amene boma limawapatsa ndalama chaka ndi chaka kuti asalime. Kodi zinayamba bwanji?

Tiyeni tione dera la Cimarron m'chigawo cha Oklahoma. Ndi dera lakumidzi, longa distrito kwathu kuno, ndipo tauni yake ndi Boise City. Mitengo njosowa. Mvula imagwa pang'ono, koma mphepo ndiye yosaleka. Kale ponseponse panali udzu waufupi, wa mizu yolukanalukana. Mizuyo ndiyo inkagwira dothi.

M'zaka za m'ma 1920 alimi anagaula udzuwo ndi mathirakitala, nafesa tirigu. M'ma 1930 kunagwa chilala. Tirigu anauma, dothi linatsala poyera, mphepo n'kulinyamula. Pa 14 Epulo 1935 fumbi linaphimba dzuwa, masana kunada bii ngati usiku. M'zaka zimenezo ng'ombe zinafa, ana anadwala chifuwa, mabanja ambiri anasamuka.

Mu 1985 dziko la America linaika lamulo loyambitsa ntchito yotchedwa Conservation Reserve Program. Imayenda chonchi. Mlimi amene ali ndi munda wosachedwa kukokoloka amapita ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lake. Munda ukavomerezedwa, amasaina pangano la zaka 10 mpaka 15. Amabzala udzu m'munda monsemo, ndipo boma limamubwezera mpaka theka la ndalama zobzalira. Kenaka chaka chilichonse amalandira lendi, malinga ndi kukula kwa munda ndi chonde chake. Munda ndi wake ndithu, koma salimamo. Ng'ombe nazo sizilowamo popanda chilolezo, monga chija amapereka pa chaka cha chilala. Akaswa pangano, amabweza ndalama zija pamodzi ndi chiwongola dzanja.

Wina anena kuti, "Kumlipira munthu ali khale? Si ulesi umenewo?" Ife tikuti ayi. Fumbi lochoka m'munda wa munthu mmodzi limakakwirira mbewu za mnzake, limalowa m'nyumba za onse. Udzu ukagwira dothi, opindula ndi ambiri. Nanga mlimi ataye yekha zokolola zake?

Komatu mavuto alipo. Munda wogonera sufuna mbewu, feteleza, mafuta a thirakitala kapena aganyu. Wasitolo amasowa ogula. Mnyamata wofuna kubwereka munda saupeza, poti mwini wake akudya lendi ya boma, mwina ali kutali m'tauni. N'chifukwa chake lamulo limati minda yogonekedwa isapitirire gawo limodzi mwa magawo 4 a minda yonse ya m'dera, pokhapokha boma litaloleza. Ku Cimarron anthu ngochepa kale. Mu 1930 analipo oposa 5,000, koma mu 2020 sanakwane 2,500. Zowachotsa n'zambiri, si pangano lokhali ayi, koma kumene anthu atsala ochepa chonchi, sitolo imodzi ikatseka onse amamva.

Vuto lina ndi lakuti pangano limatha. Mu 2007 minda yogonekedwa m'dziko lonselo inafika pafupifupi mahekitala 15 miliyoni. Nthawi yomweyo mitengo ya tirigu ndi chimanga inakwera kwambiri. Lendi ya boma inayamba kuoneka yochepa, ndipo mapangano atatha alimi ambiri anagaulanso udzu uja.