Madzi owira a ku Yellowstone amene anafika mpaka m'chipatala chathu

Galimoto ikangolowa m'nkhalango ya Yellowstone kuchokera kummwera, ku mapiri a Grand Teton, woyendetsa amayamba kuponda mabuleki pafupipafupi. Njati za ku America zimayima pakati pa msewu osasamala za munthu, ndipo lamulo limati usaziyandikire kupyola mamita 23. Kwa zimbalangondo ndi mimbulu, mtundawo ndi mamita 91. Koma chimene chimakopa anthu ambiri kumeneko ndi nthunzi imene imafuka pansi ngati wina watentha tchire.

Nkhalangoyi, imene gawo lake lalikulu lili m'boma la Wyoming ku America, inakhazikitsidwa mu 1872. Muli malo oposa 10,000 amene amatulutsa madzi otentha, matope owira kapena nthunzi, ndipo oposa 500 ndi akasupe amene amalavula madzi m'mwamba, otchedwa geyser. Amenewa ndi pafupifupi theka la akasupe onse otere padziko lapansi.

Moto wake uli pansi. Nkhalangoyi yakhala pamwamba pa chiphala chamoto chimene chinaphulika mwamphamvu zaka pafupifupi 640,000 zapitazo, ndipo miyala ya pansipo idakali yotentha. Madzi a mvula ndi a chipale chofewa amalowerera m'ming'alu n'kukatenthedwa. Chifukwa cha kulemera kwa madzi a pamwamba, a pansiwo amatentha kupitirira pamene madzi amawirira koma osawira, monga mphika wotsekedwa kwambiri. Kenako thovu likakankha madzi ena kutuluka pakamwa pa dzenje, kupanikizika kumachepa, madzi a pansi aja amasanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndiye phuu! Kasupe wotchuka wa Old Faithful amachita zimenezi pafupifupi mphindi 90 zilizonse, madzi n'kufika mamita 30 mpaka 55 m'mwamba. Akasupe athu a madzi otentha, monga wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, amangotumphuka mwakachetechete chifukwa kuti kasupe aphulike pamafunika njira yopapatiza yogwira nthunziyo.

Ineyo chimene chimandigwira mtima ndi dziwe la Grand Prismatic, lalikulu mamita pafupifupi 110 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo. Pakati pake mpobiriwira ngati thambo, m'mphepete muli mizere yachikasu ndi yofiirira. Mitundu ya m'mphepeteyo ndi tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, timene timakonda kutentha, mtundu uliwonse pamalo pamene kutentha kukuuyenera.

Mu 1966, wasayansi Thomas Brock ndi wophunzira wake Hudson Freeze anatunga madzi pa kasupe wina wa m'nkhalangoyi, Mushroom Spring. M'madzimo anapezamo bakiteriya amene amakula bwino pa kutentha kwa madigiri 70, ndipo anamutcha Thermus aquaticus. Palibe ankaganiza za chipatala panthawiyo. Patapita zaka, wasayansi wina, Kary Mullis, anatulukira njira ya PCR, yochulukitsa kachidutswa ka DNA kambirimbiri kuti kaoneke poyeza. Vuto linali lakuti njirayi imafuna kutenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza, ndipo puloteni yogwira ntchitoyo inkawonongeka ikatenthedwa. Puloteni ya bakiteriya uja, yotchedwa Taq, inapirira. Mullis analandira mphoto ya Nobel mu 1993.

Choncho mayi akapita ndi khanda lake kukayezetsa HIV, namwino n'kudontheza magazi a pachidendene pa kapepala, magaziwo amakayezedwa ndi PCR. Ndi njira yomweyo imene inkayeza Covid-19.

Madzi omwewo amapha. Anthu oposa 20 amwalira atapsa m'akasupewa, chifukwa m'malo ena nthaka ndi kakhungu chabe pamwamba pa madzi owira. N'chifukwa chake alendo amayenda pa timilatho ta matabwa basi. Koma njati sizimva lamuloli: m'nyengo yozizira zimabwera kudzagona panthaka yofunda, nthunzi ikuuma n'kukhala chisanu pa ubweya wawo.