Khirisimasi ya ku Denmark ndi mawu amene amavuta kuwamasulira m'Chichewa

Mawu oyamba

Munthu akaima pa Clock Tower, pakati pa mzinda wa Leicester ku England, m'mwezi wa Disembala, amaona mtengo waukulu wa Khirisimasi ndi magetsi okongoletsa misewu. Akayang'ana zikwangwani amawerenga mayina monga Gallowtree Gate, Humberstone Gate, Church Gate ndi Belgrave Gate. Wodziwa Chingerezi angaganize kuti mayinawa akunena za zipata, koma si choncho. Liwu lakuti gate m'mayina amenewa linachokera ku gata, liwu la chinenero chakale cha ku Scandinavia, ndipo tanthauzo lake ndi msewu.

Liwuli linabwera ndi anthu a ku Denmark. Gulu lawo lalikulu lankhondo linafika ku England m'chaka cha 865, ndipo linagona dzinja la 873 mpaka 874 ku Repton, m'dera la Derbyshire. Pambuyo pake ambiri anakhazikika n'kuyamba kulima. Mizinda isanu, Leicester, Derby, Nottingham, Lincoln ndi Stamford, inakhala malikulu awo. Leicester anabwerera m'manja mwa Angerezi mu 918, koma mayina sanachoke. Oadby, Blaby, Enderby, Groby ndi Ratby onse amathera ndi by, liwu lomwe kalelo linkatanthauza mudzi, ndipo m'Chidanishi cha lero limatanthauza tauni.

Lero m'misewu yomweyo mumamvekanso Chichewa, chifukwa ku Leicester kumakhala anthu ambiri ochokera ku Malawi. Nkhani ino ikufotokoza mmene banja la ku Denmark limakondwerera Khirisimasi, komanso mawu amene wophunzira kapena mphunzitsi wa Chichewa angapunthwe nawo pofotokoza mwambowu. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti liwu limodzi losankhidwa molakwika likhoza kuwasandutsa anthu osalakwa kukhala afiti m'maganizo a omvera.

Chikondwerero cha nthawi ya mdima

A ku Denmark amaitcha Khirisimasi kuti jul. Liwuli ndi lakale kuposa Chikhirisitu m'dzikomo, ndipo ndi lachibale ndi Yule wa m'Chingerezi. Linali dzina la phwando la pakati pa nyengo yozizira. Miyambo yambiri ya lero, komabe, si yakale choncho. Mwachitsanzo, mtengo woyamba wa Khirisimasi wodziwika m'dzikomo unayatsidwa mu 1808 ku Holsteinborg, ndipo mu Copenhagen unafika mu 1811.

Kuti timvetse mwambowu tiyambire kumwamba. Kwathu Khirisimasi imagwa m'dzinja, mvula ikugwa, chimanga chikukula, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira. Ku Copenhagen, masiku omwewo, kumawala pafupifupi maola 7 okha, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ku Leicester n'chimodzimodzi. Apa pali msampha woyamba. Kawirikawiri timamasulira nyengo yozizira ya ku Ulaya kuti dzinja, koma Mchewa akamva dzinja amaganiza mvula ndi matope, osati chisanu ndi mdima. Ndi bwino kunena kuti nyengo yachisanu, kenaka n'kufotokoza.

Mdimawu ndiwo uchititsa kuti makandulo akhale paliponse. Mabanja amakhala ndi nkhata ya masamba obiriwira yokhala ndi makandulo anayi, ndipo Lamulungu lililonse mwa anayi otsogolera Khirisimasi amawonjezera kuyatsa kandulo imodzi. Palinso kandulo yolembedwa manambala kuyambira 1 mpaka 24, yomwe amaiyatsa pang'ono tsiku lililonse mpaka nambala ya tsikulo itasungunuka. Pa 13 Disembala, ana ovala zoyera amayenda pa mzere atanyamula makandulo m'masukulu, m'zipatala ndi m'nyumba zosungirako okalamba pokumbukira Lucia Woyera. Mwambowu unachokera ku Sweden ndipo unayamba ku Denmark mu 1944.

Mtima wa zonsezi amautcha hygge. Liwuli lilibe mnzake m'Chichewa. Mtendere sulikwanira, chisangalalo chilinso ndi phokoso lambiri. Chofanana nalo kwambiri ndi madzulo a mwezi wa Juni kumudzi, pamene banja lazungulira moto, wina akukazinga chimanga, agogo akusimba nthano, ndipo palibe amene akufulumira kupita kwina.

Usiku wa pa 24 Disembala

Kwa Amalawi ndi Angerezi tsiku lalikulu ndi 25 Disembala. Kwa a ku Denmark zonse zimachitika madzulo a pa 24, omwe amawatcha juleaften. Masana ambiri amapita kutchalitchi, ngakhale amene chaka chonse sapondako. Kukada, banja limakhala patebulo. Ndiwo zake ndi bakha wootcha, tsekwe, kapena nyama ya nkhumba yokhala ndi chikopa chouma bwino. Pambali pamakhala kabichi wofiira wowawasa, msuzi wabulauni, mbatatesi zophika, ndi mbatatesi zina zazing'ono zokazingira mu shuga ndi batala.

Pomaliza pamabwera risalamande. Ili ndi phala la mpunga lozizira, losakaniza ndi kirimu ndi mtedza wa almond wodulidwa tizidutswa, ndipo pamwamba amathirapo msuzi wa zipatso za cherry. M'mbale yonseyo wophika amabisamo mtedza umodzi wosadula. Woupeza amalandira mphatso. Ochenjera akaupeza amaubisa m'tsaya kuti anzawo apitirize kudya mpaka mbale itayera.

Mmalawi sangadabwe kuona mpunga pa tsiku lotere. Ku Denmark mpunga sulimidwa, ndipo kale unali wodula, wodyedwa pa masiku apadera okha. M'midzi yambiri kwathu, momwe chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi nsima, mpunga wa nkhuku ndiwo umasonyeza kuti lero ndi Khirisimasi. Mitundu iwiri yotalikirana inasankha chakudya chimodzi pa chifukwa chimodzi: chinali chosowa.

Nisse si ndondocha

Msampha waukulu uli pa kamunthu kotchedwa nisse. M'nthano za alimi a ku Denmark, nisse ndi kankhalamba kakafupi kovala chipewa chofiira, kokhala m'khola kapena kudenga kwa nyumba. Kankayang'anira ziweto ndi zokolola. Malipiro ake anali mbale ya phala lotentha yokhala ndi batala pamwamba usiku wa Khirisimasi. Akakamana, kankabwezera posokoneza ntchito kapena kuvulaza ziweto. Mpaka pano ana ena amakasiyira phala, ndipo makolo amalichotsa mwakachetechete ana atagona.

Wophunzira akamva za kamunthu kakafupi kokhala m'nyumba ya munthu, kothandiza kuti chuma chichuluke, kofuna kudyetsedwa, liwu limene limamubwerera msanga ndi ndondocha. Kuligwiritsa ntchito n'kulakwa kwakukulu. Ndondocha imayenda ndi ufiti, ndipo kunena kuti banja lakuti limasunga ndondocha ndi mlandu umene umapasula ubale. Nisse alibe manyazi oterowo. Zithunzi zake amazipachika pawindo kuti aliyense aone. Mzimu nalonso silikwanira, ngakhale kusiya phala kumakumbutsa nsembe ya ufa imene makolo athu ankatsira pansi pa mtengo. Mizimu yathu ndi makolo odziwika mayina, pomwe nisse si mbale wa munthu aliyense, ndipo lero amatengedwa ngati nthano yosangalatsa ana. Njira yabwino ndi kusunga liwu lakuti nisse n'kulifotokoza kuti ndi kamunthu ka m'nthano kolondera khola.

Kuzungulira mtengo

Akatha kudya, wamkulu mmodzi amakayatsa makandulo a pamtengo, ndipo m'nyumba zambiri amakhala makandulo enieni amoto. Pamtengopo pamalenjekeka timitima tolukidwa ndi mapepala ofiira ndi oyera. Kamtima kakale kwambiri kodziwika kanalukidwa ndi mlembi Hans Christian Andersen m'zaka za m'ma 1860. Pamakhalanso timbendera ta dzikolo, chizolowezi chomwe chinafala dzikolo litagonja pa nkhondo ya 1864.

Eni ake amati amavina mozungulira mtengo, koma womasulira asamale. Mchewa akamva kuvina amayembekezera ng'oma, kuwomba m'manja ndi kutyola chiuno, monga zimakhalira pa chimtali. Pano palibe ng'oma. Agogo, makolo ndi ana amagwirana manja, n'kumayenda pang'onopang'ono mozungulira mtengo uku akuimba nyimbo zamapemphero ndi za Khirisimasi. M'mabanja ambiri nyimbo yomaliza imakhala yothamanga, ndipo wotsogolera amakoka mzere wonse kudutsa m'zipinda za nyumba. Choncho ndi bwino kunena kuti amazungulira mtengo atagwirana manja. Akatha apo ndiye amatsegula mphatso, nthawi zambiri imodzi imodzi, onse akuonerera.

Mawu omaliza

Banja la ku Denmark lokhala ku England limakumana ndi vuto limene Amalawi a ku Leicester akulidziwa bwino: kalendala ya dziko la eni siyenda ndi mwambo wa kwanu. Tsiku la 24 Disembala si holide ku England, ndiye ofuna kusunga juleaften amafunika kupempha tchuthi kapena kuphika akaweruka. Tchalitchi cha Chidanishi chili ku London, kutali ndithu ndi Leicester, motero udindo wophunzitsa ana nyimbo ndi maphikidwe umagwera makolo. Nayenso Mmalawi amene wagwira ntchito usiku m'chipatala, n'kubwerera kunyumba kukaphika mpunga ndi nkhuku kuti ana adziwe kukoma kwa kwawo, akusenza katundu yemweyo.

Kwa ophunzira chinenero, mawu anayi amene taona, jul, hygge, nisse ndi kuvina kwa pamtengo, ndi oyenera kuyeserera m'kalasi. Mphunzitsi angapemphe ophunzira kuti afotokoze lililonse m'ziganizo ziwiri za Chichewa popanda kubwereka liwu la Chingerezi. Kenaka atembenuze ntchitoyo: afotokozere munthu wa ku Denmark tanthauzo la Khirisimasi bokosi, chinkhoswe kapena kutsira nsembe. Pamenepo wophunzira amazindikira yekha kuti ndi mawu ati amene ali ndi anzawo m'chinenero china, ndi ati amene ayenera kusungidwa momwe alili n'kufotokozedwa modekha.