Masheya Akacepa Papepala, Kodi Cuma Cathu Cabedwa?

Lamulungu lina titatuluka m'Misa, mai wina wamasiye wa mumphakati mwathu anatiitanira pambali, m'manja atagwira kalata yolembedwa m'Cingerezi. Malemu amuna ao, amene anagwira nchito kunja kwa dziko zaka zambiri, anawasiyira masheya 3,000 m'kampani ina. Kalatayo inanena kuti tsopano ali ndi masheya 300 cabe. "Aphunzitsi, andibera," anatero maiwo, misozi ili m'maso. Anatiuzanso kuti munthu wina anali atawalonjeza kale kuti agula masheyawo msanga "asanathe onse."

Tinakhala pansi ndi kuwerenga kalatayo bwino-bwino. Palibe amene anawabera. Kampaniyo inacita cimene ku America amacicha reverse split, ndipo ku Britain, ku South Africa ndi kuno kwathu amacicha share consolidation. M'cinenero cathu tinganene kuti ndi kuphatikiza masheya. Popeza ambiri a ife tinagulako masheya kapena tinasiyiridwa ndi makolo, taona kuti ndi bwino kuifotokoza nkhaniyi pano.

Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani. Kampani ikaphatikiza masheya, imatenga masheya akale angapo ndi kuwasandutsa sheya imodzi yatsopano, ndipo mtengo wa sheya yatsopanoyo umakwera molingana. Tiyerekeze kuti masheya a mai aja anali pa K2 iliyonse. Masheya 3,000 ndi K6,000. Kampani ikaphatikiza khumi kukhala imodzi, atsala 300, koma iliyonse ili pa K20. Kuwerengetsa, ndi K6,000 yomwe ija. Ndipo popeza eni masheya onse, aakulu ndi aang'ono omwe, acepetseredwa mofanana, gawo la maiwo m'kampani silinasinthe. Mphamvu ya voti yao pa msonkhano wa pacaka ndi yomweyo, ndipo phindu likagawidwa adzalandira gawo lomwe akanalandira kale.

Alimi anzathu amva msanga. Ngati muli ndi timatumba khumi ta cimanga ta makilogalamu asanu-asanu, ndipo mwakhuthulira tonse m'thumba limodzi la makilogalamu 50, cimanga canu sicinacepe ndipo sicinaculuke. Nsima yake ndi yomwe ija.

Ife a m'Zambia tinazionanso ndi maso athu pa 1 January 2013, pamene Bank of Zambia inacotsa maziro atatu pa Kwacha. Pepala la K50,000 linakhala K50, ndipo K1,000 inakhala K1. Amene anali ndi mamiliyoni anagona ali mamiliyoneya, nadzuka ali ndi masauzande, koma thumba la fetereza anagulabe monga dzulo lake. Amene anali ndi ngongole anadzuka nayobe ngongole yao.

Tsono ngati palibe cosintha, makampani amacitiranji zimenezi? Apa ndi pofunika kuchera khutu. Kawiri-kawiri kampani imaphatikiza masheya mtengo wake ukatsika kwambiri. Pa misika ya New York Stock Exchange ndi Nasdaq, sheya ikakhala pansi pa dola imodzi kwa masiku 30 a malonda, kampaniyo imacenjezedwa kuti ingacotsedwe pamsika. Komanso mabungwe ena aakulu osunga ndalama za anthu sakonda kugula masheya a mtengo wotsikitsitsa. Kuphatikiza masheya kumakweza nambala ya mtengo tsiku limodzi lokha popanda kugulitsa kanthu kapena kubweza ngongole iriyonse.

Citsanzo codziwika ndi banki yaikulu ya ku America yochedwa Citigroup. M'caka ca 2007 sheya yake imodzi inali kugulidwa pa madola oposa 50. Mavuto a zacuma a m'caka ca 2008 atafika, bankiyo inatsala pang'ono kugwa, kotero kuti boma la America linaikamo madola mabiliyoni 45 kuti liipulumutse. Mu March 2009 sheya ija inatsika mpaka pansi pa dola imodzi. Pofika mu May 2011 inali pafupi-fupi madola anai ndi theka, ndipo bankiyo inaphatikiza masheya khumi kukhala imodzi. Masheya pafupi-fupi mabiliyoni 29 anakhala mabiliyoni 2.9, ndipo mtengo unalembedwa pafupi-fupi madola 45.

Munthu wosadziwa, poona madola 45, akanati bankiyo yabwerera mwakale. Koma taonani munthu amene anagula masheya 100 pa madola 50 m'caka ca 2007. Anatulutsa madola 5,000. Pambuyo pa kuphatikiza anatsala ndi masheya khumi a madola 45, ndiye kuti madola 450. Kuti ndalama zake zibwerere, sheya yatsopanoyo inafunika kufika madola 500. Cuma ca munthuyu cinatayika m'zaka za 2007 mpaka 2009, pamene bankiyo inataya ndalama ndi kutulutsa masheya ena ambiri-mbiri. Tsiku la kuphatikiza linangosintha kalembedwe ka zimene zinatsala.

Sitikunena kuti kampani iriyonse yophatikiza masheya ikufa. Citigroup ilipo mpaka lero. General Electric inaphatikiza masheya asanu ndi atatu kukhala imodzi m'caka ca 2021, ndipo inapitiriza kudzikonza mpaka inagawika kukhala makampani atatu pofika 2024. Cimene tikunena ndi cakuti kalata yotere ikafika, tisiye kuyang'ana ciwerengero ca masheya, tifunse za umoyo wa kampaniyo. Kodi ikupanga phindu? Ngongole zake ndi zotani? Kodi yakhala ikugawira eni ake phindu? Kodi ifuna kugulitsa masheya ena atsopano, amene angacepetse gawo lathu?

Pali malo amodzi pamene ife eni masheya ang'ono-ang'ono tingakhudzidwe ndithu, ndipo ndi pa zotsalira. Ngati muli ndi masheya 25 ndipo aphatikiza khumi kukhala imodzi, mudzakhala ndi awiri, ndipo asanu atsala. Makampani ambiri amalipira ndalama pa zotsalira zotere, monga inacitira Citigroup. Koma amene anali ndi masheya osakwana khumi angapezeke kuti walandira ndalama zocepa ndipo salinso mwini. Ndiye kalata yonse iwerengedwe, kufikira mau ang'ono-ang'ono a m'munsi.

Msika wa masheya wa ku Lusaka unatsegulidwa m'caka ca 1994, ndipo aphunzitsi, alimi ndi opuma pa nchito ambiri anagulako masheya. Ena a iwo anatisiya, ndipo mapepala ao ali m'masutukesi, ana sadziwa. Tikupempha atsogoleri a miphakati kuti athandize amasiye pa zinthu izi. Kalata ya kampani isatayidwe. Adiresi ndi nambala ya foni zikasintha, kampani idziwitsidwe. Pofuna kugulitsa kapena kufunsa, pitani kwa broker wololedwa ndi Securities and Exchange Commission, ndipo mupemphe pepala loonetsa masheya anu. Musagulitse kwa munthu wa pamsewu amene akukufulumizitsani ndi mantha. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula.

Mai aja sanagulitse. Mwana wao wamkulu anawaperekeza kwa broker, ndipo anabwerako ndi pepala loonetsa masheya 300 m'dzina lao. Pa msonkhano wotsatira wa mphakati anaimirira okha ndi kufotokozera anzao za timatumba khumi ndi thumba limodzi lija.