Uzimba wa M'mapiri a Dedza ndi Malamulo Ake Oiwalika

Mwezi wa Sepitembala ukafika, udzu wa m'mapiri a Dedza umakhala utauma gwaa, ndipo chisanu cha mwezi wa Juni chimakhala chitaiwalika. Iyi ndi nyengo imene munthu woyenda m'mamawa m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni, kapena m'tsinde mwa phiri la Dedza, angathe kukumana ndi gulu la anyamata onyamula zibonga ndi zikwanje, agalu oonda ali piringupiringu patsogolo pawo. Dzuwa lisanafike paliwombo utsi umakhala uli tolotolo, ndipo madzulo anyamata aja amatsika ali ndi akalulu awiri kapena gwape mmodzi paphewa, mwinanso chimanjamanja. M'mbuyo mwawo mumatsala phiri lili bii.

Akafunsidwa chifukwa chake, yankho lawo silichedwa: uzimba ndi mwambo wa makolo. Mawuwa ndi oona ndithu, pakuti makolo ankapitadi kuuzimba ndi agalu. Koma aphunzitsi pamodzi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu ayenera kufunsa funso lina: kodi chimene chikuchitika lerochi ndi chomwe chija makolo ankachitcha uzimba?

Galu, moto ndi munthu

Ubale wa mlenje ndi galu ndi wakalekale. Nthano ya Achewa yonena za chiyambi cha dziko imati anthu oyamba adatsika kumwamba pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse, nadzatera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, cha kumadzulo kwa Dedza. Onsewa ankakhala mwamtendere kufikira tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri, natentha tchire. Nyama zidathawa zili ndi mkwiyo, koma galu ndi mbuzi zidathamangira kwa munthu kuti aziteteze. Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, nalamula kuti kuyambira pamenepo munthu azifa. Chotero nthanoyi imaika galu kumbali ya munthu, komanso imachenjeza kuti moto wosasamalidwa ndiwo udabweretsa udani ndi imfa.

Umboni wakuti m'mapiri a Dedza mudali alenje uli pamiyala. M'dera la Chongoni muli malo 127 a zithunzi zojambulidwa m'mapanga, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika derali m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira zimatchulidwa kuti ndi za Akafula, anthu amene ankakhalira kusaka nyama ndi kutola zipatso. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri mwa izo zimakhudza nyau ndi chinamwali. Pamene J. Desmond Clark adakumba m'phanga la Chentcherere m'chaka cha 1972, adapezamo zida zamiyala pamodzi ndi mafupa a nyama zam'thengo zimene anthu a m'phangamo ankadya. Ngakhale Kasiyamaliro, chilombo cholemekezeka cha Gule Wamkulu, adachiumba m'maonekedwe a nyama yamtundu wa ntchefu kapena mbawala. Munthu wonena kuti kusaka sikuli m'magazi a anthu a kuno ndiye kuti sadziwa mbiri yawo.

Uzimba udali ndi mwini wake

Komatu uzimba wa makolo sudali chipwirikiti cha agalu ndi moto ayi. Udali ndi malamulo, ndipo malamulowo ndiwo ankausiyanitsa ndi kuba.

Lamulo loyamba lidali la nyengo. Uzimba waukulu, umene ena amati liwamba, unkachitika m'chilimwe, anthu atakolola. Dzinja lonse amuna ankatanganidwa ndi khasu, ndipo thengo linkapuma miyezi yambiri.

Lachiwiri lidali la umwini. Thengo lidali m'manja mwa mfumu, ndipo tsiku la uzimba linkalengezedwa poyera ndi mfumuyo kapena mkulu amene ankadziwika kuti ndiye mwini liwamba. Asananyamuke ankayamba athira nsembe kwa mizimu ya makolo. Munthu wotentha tchire tsiku lisanakwane ankakhala ndi mlandu pabwalo. Msitu wa kumanda sunkatenthedwa, ndipo nyama yothawiramo inkapulumuka.

Lachitatu lidali la kudziletsa. Usiku woti mawa ndi uzimba, mwamuna sankakhala malo amodzi ndi mkazi wake, ndipo amayi otsala pamudzi ankayenera kudzisunga, poopa kuti amuna awo angakaone ngozi kuthengo. Mlenje wopha nyama yaikulu monga ntchefu ankafunika mankhwala omuteteza ku chirope, nthenda imene ankakhulupirira kuti imadza ndi magazi a nyama yophedwayo. Munthu wophunzira angathe kukayika zikhulupiriro zimenezi, koma sangakane phunziro lake, lakuti kukhetsa magazi a nyama sichinali chinthu chopepuka.

Lachinayi lidali la kagawidwe. Woyamba kulasa ndiye ankakhala mwini nyama, ndipo wosomola ankalandira mwendo. Galu akagwira, nyama inkawerengedwa kwa mwini galuyo. Mfumu inkalandira gawo lake, ndipo mikangano yonena za amene adayamba kubaya inkaweruzidwa ndi akuluakulu. Agalu nawo ankadziwika bwino ndi eni ake. Mwambi wakuti galu wamkota sakandira pachabe udachokera kwa anthu amene ankadziwa kusiyana kwa galu wozolowera thengo ndi kagalu kongouwa chilichonse.

Sichingakhale chilungamo kunena kuti makolo sankaononga. Mbuna zawo zinkapha nyama zambiri, ndipo malonda a minyanga a m'zaka za m'ma 1800 adachepetsa njovu m'madera ambiri. Koma pa nthawiyo anthu adali ochepa, thengo lili lalikulu, ndipo malamulo aja ankakwanira kuti nyama zisathe.

Mmene malamulowo adafera

Chidayamba kugwedeza mwambowu ndi ulamuliro wa Atsamunda. M'chaka cha 1897 boma lidakhazikitsa malamulo a nyama zam'thengo, ndipo dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire lidakhala amodzi mwa malo oyamba otetezedwa. Nkhalango ya Chongoni idalowa m'manja mwa boma m'chaka cha 1924. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kudabwera lamulo lina lokhwima limene lidapanikiza njira za kusaka za anthu a m'midzi, pamene Mzungu wa mfuti ankagula chiphaso nakapha nyama mongosangalala. Amishoni ena adalitsutsa lamuloli poona kuti anthu akulandidwa ndiwo zawo pamodzi ndi mphamvu yotetezera minda yawo. Dandaulo limeneli lidali lomveka, ndipo nkhalamba zimene zimati boma lidakonda nyama koposa anthu sizilankhula zamisala.

Lamulo silidathetse kusaka, koma lidakukankhira kumdima. Tsono uzimba wobisa sungakhale ndi mwini. Mfumu singalengeze poyera chinthu choletsedwa, singalandire mwendo wake pamaso pa anthu, ndiponso singaweruze mlandu wa munthu amene watentha tchire tsiku lisanakwane. Pang'onopang'ono nsembe zidaleka, kudziletsa kudaiwalika, nyengo idasokonezeka. Chidatsala ndi galu, chibonga ndi machesi.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni m'dziko lonse la Malawi. Wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni, ndipo boma la Dedza lokha lidali ndi anthu oposa 830,000. Minda ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere idakwera mpaka m'mapiri. Nyama zazikulu zidachoka kumtunda kuno, ndipo njovu zidatsalira m'nkhalango za kumatsitso, ya Dedza-Salima ndi ya Thuma. Zimene zikubisala m'mapirimu ndi zazing'ono monga gwape, chinkhoma, kalulu ndi nguluwe. Kale nyama yothamangitsidwa ndi agalu inkathawira kuthengo lina. Lero ikatuluka m'nkhalango imatulukira m'munda kapena pamsewu.

Galu sasankha

Apa ndi pamene pagona nkhani ya chabwino ndi choipa. Mlenje wa uta amaona nyama asanalase, ndipo angathe kuileka yabere kapena yoyamwitsa. Galu sadziwa zimenezi. Gwape kawirikawiri amabereka mwana mmodzi, namubisa m'udzu pamene iye akukadya. Moto ukadutsa, agalu nkutsatira, amatha mayi ndi mwana tsiku limodzi. Chinkhoma chimakhala pamiyala awiriawiri, chachimuna ndi chachikazi, kwa zaka zambiri, kotero kuti kupha chimodzi ndi kuthetsa banja pa phiri limenelo.

Palinso kuzunzika kwa nyama imene ikuthamangitsidwa. Funso limeneli lidavuta anthu a ku England, kumene olemera ankakwera akavalo ndi kuthamangitsa ndi agalu ambirimbiri nyama ya kumeneko yonga mbawala, ya nyanga zanthambinthambi. M'chaka cha 1997 Pulofesa Patrick Bateson wa ku Cambridge adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene adapima magazi a nyama zophedwa mwa njira imeneyi. Adapeza kuti nyama yothamangitsidwa mtunda wautali imatheratu mphamvu, minofu yake nkuonongeka, ndipo imasauka kwambiri isanafe. Bungwe la National Trust, limene lidaitanitsa kafukufukuyo, lidaletsa kusaka kotere pa malo ake chaka chomwecho. Kenaka Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la 2004, limene lidayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2005, loletsa kusaka nyama ndi gulu la agalu ku England ndi Wales. Nakonso otsutsa lamuloli ankati akuteteza mwambo wa makolo awo.

Koma Dedza si England. Kumeneko kudali kusewera kwa anthu okhuta, pamene mnyamata wa ku Bembeke kapena ku Linthipe amatsata gwape chifukwa kunyumba kwatha milungu osalawa nyama. Njala ya nkhuli si bodza, ndipo woinyoza ndi amene sadagonepo ndi nsima ya masamba okhaokha. Komabe mnyamatayo ayenera kuwerengera bwino. Gwape mmodzi akagawidwa kwa anthu khumi ndi ndiwo za tsiku limodzi kapena awiri. Moto umene udamuvumbulutsa watentha udzu wofolera nyumba, mitengo yaing'ono, ming'oma ya njuchi ndi paini wa m'nkhalango. Nthaka yatsala pambalambanda, ndipo mvula yoyamba idzaikokolola kupita nayo mumtsinje wa Linthipe. Utsi ndi kutentha zimaononganso zithunzi za m'mapanga. Agalu eni akewo amabwerera ndi mabala a mano a nguluwe, ndipo galu wosabayitsa katemera akalumana ndi nkhandwe angathe kubweretsa chiwewe pakhomo pamene pali ana. Amene alipira zonsezi ndi mudzi wonse, kuphatikizapo amayi okalamba amene sadalaweko ngakhale fupa. Uzimba wa makolo unkadyetsa mudzi, pamene uwu ukudyera mudzi masuku pamutu.

Pamwamba pa izi pali lamulo la dziko. Lamulo la nyama zam'thengo la 1992, limene zilango zake zidakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limaletsa kusaka ndi moto, ndipo lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kusaka kapena kuyatsa moto m'nkhalango za boma popanda chilolezo. Mnyamata amene wangolemba mayeso a Fomu 4 angathe kudetsa mbiri yake kukhoti chifukwa cha mwendo wa gwape.

Chimene chiyenera kusungidwa

Ena adzati tsabola wakale sawawa, zonsezi zingoiwalika. Kutero nkutaya chuma. Nzeru za alenje, monga kuwerenga mapazi a nyama, kudziwa kumene mphepo ikuchokera, kuzindikira mayina a mitengo ndi malo amene nyama zimamwera, ndi zimene amafuna alonda a nkhalango ndi operekeza alendo. Pa Chongoni pomwepo pali sukulu ya boma yophunzitsa za nkhalango ndi nyama zam'thengo. Magulu a ana asukulu osamala zachilengedwe, amene amalimbikitsidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe chiyambi chake ndi cha m'chaka cha 1947, ndi malo oyenera kuitanirako nkhalamba ya m'mudzi kuti idzafotokoze mmene liwamba linkayendera, ana nkulemba, nkhalambayo isanapite nazo kumanda. Mphunzitsi wophunzitsa kuti kusaka nkoipa basi amangodanitsa ana ndi agogo awo. Wophunzitsa malamulo anayi aja amawapatsa muyeso woyesera zochita zawo.

Nkhuli nayo ili ndi njira zina. Akalulu oweta ndi mbira zimaswana msanga, zimadya masamba a m'munda, ndipo khola lake mnyamata angathe kumanga ndi nsungwi. Mafumu nawo sadalandidwe mphamvu zonse, pakuti lamulo la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo pansi pa mfumu ndi komiti, ndipo mfumu ingathe kuletsa moto monga momwe zinkakhalira kale.

Mwini liwamba wakale, asanalengeze tsiku, ankayamba wadziwa ngati thengo lili ndi nyama zokwanira mudzi. Mkulu wotere atabwerera lero nayenda kuchokera ku Mphunzi kukafika ku Chentcherere, naona mapazi a gwape apa ndi apo m'lupsa, sakadaitana anthu. Akadauza anyamata kuti amange agalu awo pakhomo, chaka chino ndi chamawa chomwe, mpaka thengo lidzachire. Mnyamata amene amvera mawu otere ndiye akutsatadi mwambo wa makolo.