Mbewa ya Manyazi Inafera Kuuna: Achinyamata ndi Kachirombo ka HPV (Gawo Loyamba)

Ophunzira ambiri amene atsiriza Fomu 4 amadziwa za Edzi, chindoko ndi chinzonono, koma akafunsidwa za kachirombo ka HPV amangoti kakasi. Chikhalirecho kachiromboka ndiko gwero la khansa ya khomo la chiberekero, imene imapha amayi ambiri m'Malaŵi kuposa khansa ina iliyonse.

HPV imafala pogonana, ngakhalenso pongokhudzana khungu la malo obisika. Mnyamata ndi mtsikana yemwe angathe kuitenga ndi kupatsira mnzake popanda chizindikiro chilichonse. Kawirikawiri thupi limaigonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri, koma ikakanirira imasintha pang'onopang'ono minofu ya khomo la chiberekero, ndipo khansa imadzaoneka patapita zaka 15 kapena 20. Motero nthenda yopezeka mwa mayi wa zaka 35 ingakhale itayamba iye akali pasukulu. Mwa mayi amene ali ndi HIV vutoli limakula msanga.

Dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye anatsimikiza kuti kachiromboka kamayambitsa khansa, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri yokha, ya 16 ndi 18, imachititsa pafupifupi 70 mwa 100 alionse odwala khansayi. Katemera woyamba anatuluka mu 2006. Kuno kwathu anayamba wayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 boma linayamba kumpereka m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9.

Makolo ena amadabwa kuti mwana wamng'ono chotere abayidwirenji. Yankho lake n'lakuti katemera sachiza munthu amene watenga kale kachiromboka. Amateteza amene sanakumane nako. Mphekesera yoti amatseka mimba ilibe umboni.

Apa ndipo pali udindo wa mphunzitsi wa Life Skills. Akalumpha mutuwu chifukwa cha manyazi, ana amakaphunzira kwa anzawo, amene nawonso ali mumdima. Anyamata nawo ayenera kuumva, pakuti ndiwo abambo a mawa amene adzalola kapena kuletsa ana awo kubayitsa.

Gawo lachiwiri lidzafotokoza mmene achipatala amayezera khomo la chiberekero ndi viniga, ndi chifukwa chake wolandira katemera ayenerabe kukayezetsa akadzakula.