Kodi Munthu Wosakopeka Mtima Angathe Kukonda?

Mawu akuti chikondi amasenza katundu wambiri. Mayi amakonda mwana wake, mnyamata amakonda namwali, ndipo nkhalamba ziwiri zimene zakhala m'nyumba imodzi zaka 50 nazonso zimati zimakondana. Ngakhale mawu akuti bwenzi ali pawiri, pakuti amanena mnzako wapamtima, amanenanso amene uli naye pachibwenzi. Nkhani ya lero ikukhudza anthu amene amakonda abale ndi anzawo, koma sakopeka mtima ndi munthu m'njira imene imayambitsa chibwenzi.

M'Chingerezi anthu otere amatchedwa aromantic. Mawuwa anafala poyamba pakati pa anthu a bungwe la AVEN, limene David Jay analiyambitsa ku America m'chaka cha 2001, ndipo m'chaka cha 2018 analowa m'dikishonale ya Oxford. Bungweli ndi la anthu amene samva chilakolako chogonana, koma m'kukambirana kwawo anazindikira kuti chilakolako cha thupi ndi kukopeka kwa mtima ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu angathe kukhala ndi chimodzi, china osakhala nacho, kapenanso kusowa zonse ziwiri.

Kodi kukopeka kumeneku nkotani? M'chaka cha 1979, katswiri wa maganizo a anthu, Dorothy Tennov, anatulutsa buku lotchedwa Love and Limerence atafunsa anthu mazanamazana. Ambiri anafotokoza zofanana: kuganiza za munthu mmodzi usana ndi usiku, kulakalaka kuti nayenso akufune, ndi kuchita mantha kuti mwina akukana. Koma panali ena amene ananena kuti zoterezi sizinawachitikirepo, ngakhale kuti anali ndi anthu amene amawasamala kwambiri.

Katswiri wina, Helen Fisher amene anali pa yunivesite ya Rutgers, anafotokoza kuti m'ubongo wa munthu muli njira zitatu. Yoyamba ndi chilakolako cha thupi, yachiwiri ndi kukopeka ndi munthu mmodzi, ndipo yachitatu ndi kuzolowerana kokhalitsa kumene kumamanga anthu pamodzi zaka zambiri. Njirazi kawirikawiri zimayendera limodzi, koma iliyonse ingathe kugwira ntchito payokha.

Motero yankho la funso loyamba ndi lakuti inde, munthu wosakopeka mtima amakonda. Amadwazika kholo lake, amalera mwana wa mlongo wake, amalira pamaliro a mnzake. Agiriki akale anali ndi mawu osiyana a chikondi cha mwamuna ndi mkazi, cha pachibale, ndi cha paubwenzi. Nakonso kuno mwambo wa chinjira umadziwika, pamene amayi awiri amapangana ubwenzi, napatsana mphatso, nathandizana pamatenda ndi pamaliro. Palibe amene anganene kuti pamenepo palibe chikondi.

Funso lachiwiri ndi la chibwenzi ndi ukwati. Apa anthuwa amasiyana. Ena safuna nkomwe, ndipo amakhala okha mokhutira. Ena amakopeka mwa apo ndi apo, kapena pokhapokha atadziwana ndi munthu nthawi yaitali. Enanso amakwatira kapena kukwatiwa chifukwa chofuna ana, mnzawo womangira naye nyumba, ndi wokalamba naye. Banja lotere lingathe kulimba, popeza ukwati umaima pa ulemu, kukhulupirika ndi kuthandizana.

Vuto limabwera pamene choonadi chabisidwa. Mkazi amene akudikira kuti mwamuna wake amusowe akachoka, kapena amuyang'ane ndi maso achikoka, amayamba kudziona ngati wonyansa, mwinanso kuganiza kuti kunja kuli wina. Mwamunayo naye amatopa ndi kunamizira zimene sakuzimva. Nchifukwa chake nkofunika kuti munthu wotere anene poyera ukwati usanachitike, kuti mnzakeyo asankhe akudziwa. Ngati mnzakeyo aona kuti sangakwanitse, kukana kwake si nkhanza. Ankhoswe nawonso akamaweruza nkhani ya banja lozizira, angachite bwino kufunsa aliyense payekha chimene amayembekezera, asanathamangire kufufuza wolakwa.

Makolo ali ndi mbali yawo. Mwana akafika zaka 30 asanabweretse munthu pakhomo, ena amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti analodzedwa. Komatu kusakopeka mtima sikuli m'gulu la matenda a maganizo amene madokotala amawadziwa. M'chaka cha 2012, mphunzitsi wa nzeru zakuya, Elizabeth Brake, analemba kuti anthu amalakwira anzawo poganiza kuti aliyense angasangalale pokhapokha atapeza wokondana naye mmodzi. Kukakamiza mwana kulowa m'banja limene sakulifuna kumavutitsa anthu awiri, ndiponso ana amene angabadwemo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Asanatchulidwe wouma mtima, munthu wotere ayenera kuonedwa ntchito zake: amene amawadyetsa, amene amawayendera akadwala, ndi amene amathamangira kwa iye akagwa m'mavuto.