Mbeu ndi Kukokoloka kwa Nthaka pa Mtunda

Lero tikambe za minda ya pamalo otsetsereka. Alimi awiri angalime moyandikana pa phiri limodzi, mvula ibvumbe cimodzimodzi, koma madzi oturuka m'munda wa wina akhale ofiira ndi matope, a mnzace ali oyera. Kawirikawiri cosiyanitsa ndico mbeu imene yabzalidwapo.

Ambiri amayesa kuti nthaka imayamba kukokoloka madzi akayamba kuthamanga. Iai, bvuto liyamba ndi dontho lenilenilo. Dontho la mvula likamenya nthaka yopanda kanthu limaphwanya zibuma, ndipo dothi losalala limatseka timabowo tolowera madzi. Pamenepo madzi asowa polowa, natsika mtunda atanyamula conde.

M'zaka za m'ma 1950, pa munda wa zofufuza wa Henderson pafupi ndi Mazowe m'dziko la Zimbabwe, Norman Hudson anayesa cinthu cimeneci. Analima timinda tiwiri osabzalamo kanthu, ndipo pamwamba pa kamodzi anayalapo waya wa timaso ting'onoting'ono wochingira udzudzu. Madzi analowa monsemo, koma wayayo anathyola mphamvu ya madontho. Kamunda kapamtetete kanataya dothi loposa la kanzace nthawi zoposa 100.

Cimene anacita waya uja ndico cimene acita masamba. Cifukwa cace fodya ndi thonje ziri mbeu zoopsa pa mtunda: zibzalidwa motalikirana, zipaliridwa mpaka munda kuyera, ndipo mvula yoyamba, imene imadza ndi ukali, ipeza nthaka iri pambalambanda. Cinangwa naco cicedwa kuphimba pansi. Cimanga ciri pakati. Hudson anapezanso kuti cimanga cobzalidwa mokwanira ndi kudyetsedwa bwino citaya dothi locepa kwambiri poyerekeza ndi cimanga ca apo ndi apo cofooka. Ici ncoyenera kuciganizira, pakuti munda woguga ubala mbeu zofooka, ndipo mbeu zofookazo ziuguitsa koposa.

Mbatata, maungu, mtedza ndi nyemba zikakula ziyala masamba pansi monga mphasa. Makolo athu posakaniza maungu, nyemba ndi nandolo m'cimanga sanali kucita ulesi ai. Onaninso minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje: mvula njambiri, malo ngotsetsereka, koma tiyi akakula nagwirana nthambi, dontho silifika pansi ndi mphamvu.

Abale athu olima ndiwo zamasamba ku Gugulethu ku Cape Town alibe mtunda. Kwao ndi mcenga wacidikha, ndipo woba dothi ndiye mphepo. Mankhwala ace ndi omwewo, kuphimbira pansi.

Dothi locoka m'minda ya kumtunda lifika mu Shire, nilibvutitsa makina a magetsi a pa Nkula. Tsono pamene patsetsereka kwambiri musabzalepo fodya. Siyanipo mitengo kapena udzu. Mizere ipingase mtunda, m'akalozera mubzalemo udzu wa vetiva, ndipo mapesi musatenthe, agonekeni m'munda kuti mvula yoyamba iwapeze momwemo.